Makilo Asanu Lamulungu Lisanafike

Lolemba

Makilo 48. Ndi nsapato za ntchito.

Amayi akubwera Lamulungu kuchokera ku Katete. Sakubwera kudzacheza. Akubwera ndi amalume a ku Kamitondo ku Kitwe, amene ndi ankhoswe anga, kudzaona "kasungidwe." Mawu ake ndi amenewo. Kasungidwe, ngati ndine mbuzi yoikiza.

Chayambitsa zonsezi ndi chithunzi. Sabata yatha tinali ku ubatizo ku Kitwe, wina anajambula n'kuponya pa gulu la banja la pa foni. Pachithunzipo ndaima pakati pa anti, akazi a amalume, ndi mwana wawo wamkazi, onse awiri anthu odzaza bwino, ine pakati ngati mpini wa tsache. Anti alemba pansi pake kuti, "Mwana wathu watha." Abale khumi ndi awiri aikapo tinkhope tolira. Ine mwiniwake ndili moyo, ndikuwerenga.

Dzulo amalume anaimba. Sanafunse kuti ndadzuka bwanji, anangoti ndikonzeretu chikwama. Amayi ndikawaimbira amangoti tidzaonana konko.

Kwathu zimatero. Mkazi akakwatiwa azinenepa, ndiwo umboni woti mwamuna akumusunga. Akaonda abale amabwera n'kumutenga "kukamudyetsa kumudzi." Msuweni wanga Veronika anamutenga chomwecho. Ananenepadi. Pobwerera anapeza makatani ena pa mawindo, ndi mkazi wina akuchapa malaya a mwamuna wake.

Ine sindikufuna kupita. Ndili ndi nyumba, ya lendi, zipinda ziwiri zokha, koma makiyi ndimasunga ndine. Ndili ndi ntchito. Ndili ndi amuna anga a Sakala amene sanandilakwire kalikonse. Tsoka lawo ndi loti amayendetsa thiraki, lero Kasumbalesa, mawa Solwezi. Mkazi wa dalaivala akaonda, mu komboni ya Chipulukusu muno anthu safuna dokotala. Aliyense ndi dokotala kale.

Ndine woonda chibadwire. Ndinali chonchi ku sukulu, ndinali chonchi tsiku la ukwati. Nthawi imeneyo ankati ndine wa thupi labwino. Ndangovala mphete, thupi lomwelo lasanduka mlandu.

Pulani: makilo asanu Lamulungu lisanafike. N'zotheka! Ntchito yanga ndi kusoka pakamwa pa matumba a chakudya cha nkhuku ku fakitale ya ku Heavy Industrial, ndipo ndikudziwa kuti kamwanapiye kokwana m'dzanja kamadzaza poto m'masabata sikisi. Nkhuku ilibe nzeru. Ine ndili ndi setifiketi ya giredi thwelofu.

Malamulo:
1. Kudya kasanu pa tsiku.
2. Vitumbuwa folo pa teni awazi.
3. Kotapela (peyala) wakupsa, wopondaponda ndi shuga.
4. Chiponde ndi supuni, osati chopaka pa buledi.
5. Osayenda wapansi. Osaseka kwambiri. Osadandaula, kudandaula kumaondetsa.
6. A Sakala asadziwe. Ndawauza kuti amayi akubwera kudzationa chabe. Agula kale nkhuku yamoyo, akuimba mluzu, mtima wanga ukuwawa.

Lachiwiri

Kodi anthu onenepa nsagwada zawo sizitopa?

Sikelo ya matumba ili pambali pa makina anga. Kapitawo akangopita kukamwa tiyi, ndimatsitsa thumba n'kukwerapo ndekha. M'mawa 48. Thumba la finisha, chakudya chomalizira chonenepetsa nkhuku, ndi 50. Ndiye kuti thumba limene ndikusoka likundiposa ndi makilo awiri, chonsecho silinadye kadzutsa.

Bana Mwape andigwira ndili pa sikelo. Ndi amene amalandira matumba ndikasoka, mayi wa ku Luapula, thupi lopatsidwa ndi manja awiri, akakhala pa benchi benchiyo imadziwa. Ndawauza zonse. Sanaseke. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, andizungulira kamodzi, n'kunena kuti, "Awe mwandi, nchito ilipo apa." Kuyambira lero ndi aphunzitsi anga.

Zimene ndadya: phala la chiponde, vitumbuwa folo, chinangwa chootcha ndi nshawa, nsima ya ku kantini ndi mapazi a nkhuku, theka la nsima ya Bana Mwape, maheu, kotapela awiri. Chitumbuwa chachinayi ndachidya misozi ili m'maso.

Mtsikana wa ku ofesi wandipeza pa mpopi. Amayenda ndi botolo la tiyi woondetsa, nkhomaliro yake ndi apulo mmodzi. Wandifunsa chinsinsi changa, akuti ndili ndi mwayi. Thupi limodzi lomweli, ku ofesi ndi mwayi, ku Kamitondo ndi maliro. Ndinafuna ndimupatse nambala ya anti.

Poweruka: 48 ndi hafu! Hafu! Kenako ndakumbukira kuti m'thumba la ovolosi muli sizasi ndi mpukutu wa ulusi. Sindinachotse. Munthu amafunika chilimbikitso.

M'minibasi kondakitala akuti, "Ba silimu, bwelani apa, imwe mukwana." Wandiika pa kampata kamene amaikapo ndowa.

Mankhwala a Bana Mwape a madzulo ano: kapu ya mkaka, dzira laliwisi, masupuni atatu a mafuta ophikira. Akuti mng'ono wawo anatuluka chiuno m'masiku anayi. Ndamwa nditatsina mphuno kuseri kwa chitseko. A Sakala anyamuka mawa kupita ku boda, abwera Lachisanu. Bola.

Lachitatu

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ine ndatsegula kasanu ndi kawiri seveni awazi isanakwane.

Chimbudzi ndi chimodzi pa mabanja asanu, ndipo chinapenya khonde la alandilodi. Alandilodi amasesa pakhomo m'mawa uliwonse. Lero asesa malo amodzi omwewo ola lathunthu. Ulendo wachinayi andifunsa, ndi mawu ofewa aja a pa maliro, ngati zinayamba kalekale. Ndati ndi mafuta ophikira. Agwedeza mutu. "Ee, mafuta," atero, ngati munthu amene wauzidwa bodza laulemu.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi ichi. Mu komboni muno anthu amene ali pa mankhwala ndi athanzi, onenepa bwino, akulera ana ndi kuyendetsa mabizinesi awo. Aliyense akudziwa zimenezi. Koma maso a anthu anatsalira m'mbuyo, akangoona fupa la pakhosi amayamba kufunsana kuti kwawo kwenikweni n'kuti.

Ku ntchito: 47 ndi hafu. Ndi sizasi yemwe.

Ndaima pa thumba la finisha nthawi yaitali, ndikuyang'ana timibulu tofiirira tija. Ndi chimanga, soya, ufa wa nsomba, palibe choipa. Ndalawa. Kamodzi kokha! Kakumveka ngati katoni yonyowa. Ndalavulira m'thumba la ovolosi. Mayi Maria, ndafika pamenepa ine?

Bana Mwape abwera ndi njira ina. Timapiritsi toyera m'kapulasitiki komanga mfundo, kopanda dzina, kochokera kwa mayi wina wa pa msika amene amagulitsanso mafuta oyeretsa khungu. Kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo. Ndafunsa kuti mankhwala ake dzina ndi chiyani.

"Iwe ufuna dzina olo matako?"

Ndatenga. Ndawabisa m'kabokosi ka korona, pansi pa zitenje.

Anti atumiza uthenga. Akuti akundipempherera, ndipo auzako azimayi a m'gulu lawo la kutchalitchi kuti athandizane nawo.

Lachinayi

Tulo!

Ndamwa kamodzi pa sikisi awazi. M'minibasi ndagonera paphewa la bambo wina wosamudziwa, ndapitirira siteshoni. Pa naini awazi ndagona chiimire, makina ali m'manja. Thumba limodzi ndalisokera kumodzi ndi mkono wa ovolosi yanga. Lina ndalisiya chotsegula, lagwa pa lamba woyendetsa matumba, finisha mbwee pansi ponse. Lamba waima. Shifiti yonse ikundiyang'ana.

Ndimayembekeza kutukwanidwa. Zikanakhala bwino. Koma kapitawo, munthu amene amatukwana ngakhale wilibala, wanditengera pambali n'kuyamba kulankhula chapansipansi. Akuti masiku ano palibe chochititsa manyazi. Akuti mlongo wake yemwe ali pa mankhwala ndipo ali bwinobwino. Akuti ndikapume mpaka Lolemba. Ndayesa kufotokoza, ndayasamula pakati pa mawu.

Potuluka aliyense wandipatsa moni ndi manja awiri. Wina wandinyamulira chikwama mpaka pa geti. Bana Mwape okha ayang'ana kumbali, akutola finisha ndi fosholo.

Sikelo sindinakwere, inali itakwiririka.

Masana njala yabwera ngati fisi. Ndadya:
buledi yense
ndiwo za dzulo, zozizira, m'poto momwemo
shuga ndi supuni
tomato awiri osaduladula
Kenako ndaima pakhomo kuyang'ana nkhuku ya amayi ili pa chingwe. Nayonso yandiyang'ana. Tamvana kuti tidikire Lamulungu.

Ndagonanso. Ndadzuka dzuwa litapendeka, nkhope itatupa, maso ngati ndalumidwa ndi njuchi. Koma masaya atuluka! Ndadzijambula msangamsanga n'kuponya pa gulu. Anti ayankha mphindi isanathe: "Manje wayamba kutupa. Ambuye mutichitire chifundo."

Walira mvula walira matope. Atsala masiku atatu.

Lachisanu

A Sakala afika pa leveni awazi, msanga kuposa masiku onse. Andipeza ndili m'tulo pampando, supuni ili m'dzanja. Asanalowe n'komwe, alandilodi anali atawaimitsa kale pa geti kuwauza kuti alimbe mtima.

Iwo akabwera ku ulendo amatenga korona kuthokoza kuti ayenda bwino. Ndikudziwa zimenezi. Ndazidziwa zaka ziwiri. Nanga ndinabisiranji mapiritsi mmenemo? Mutu wanga uwu!

Ndadzuka iwo ali pampando winawo, kapulasitiki kali pa tebulo pakati pathu. Sanavule ngakhale nsapato.

"Mwayamba liti kumwa? Bwanji osandiuza ine?"

Ndati ndi onenepetsa. Angondiyang'ana. Inenso ndikanakhala iwo sindikanakhulupirira. Mkazi wotsegula m'mimba, wobwezedwa ku ntchito, wotupa nkhope, wobisa mapiritsi pansi pa korona, ndiye akuti akufuna chiuno? Afunsanso mofatsa. Akuti sakwiya, akungofuna kudziwa kuti nawonso akadzione. Kufatsako ndi kumene kwandipsetsa mtima. Sabata yonse ndikudzipha ndi vitumbuwa chifukwa cha iwo, lero andifunse ngati ndaba?

Ndiye pakamwa panga pathamanga. Ndati ngati m'nyumba muno muli matenda, anthu onse akudziwa kuti amabwera pa thiraki.

Sindikhulupirira zimenezo. Sindinakhulupirirepo. Ndi mawu a alandilodi, a anti, a m'minibasi, angobwereka lilime langa.

A Sakala aimirira.

"Kani nanunso mumaganiza choncho."

Atuluka. Akhala pa njerwa panja masana onse, akupukuta nsapato imodzi yomweyo. Ndawapititsira chakudya, athokoza ngati mlendo. Akuti mawa seveni awazi tipite tonse kukayezetsa magazi.

Ndikuopa. Osati magaziwo. Ndikuopa kuti banja limene ndikuliteteza kwa amalume ndikuligwetsa ndekha ndi manja anga. Kuyambira masana sindinaike kanthu m'kamwa. Lamulo loyamba laphwanyidwa, lachisanu lomwe.

Loweruka

Kukiliniki. Pa benchi tapeza mlamu wa alandilodi, wabwera ndi dzino. Dzino likumuwawa koma maso ali bwino. Pofika masana komboni yonse idziwa.

Magazi: tonse awiri tili bwino. Tinali bwino tisanakwatirane, tili bwino lero. A Sakala apinda pepala kanayi n'kuliika m'thumba la malaya, osandiyang'ana.

Ndaonetsa anesi timapiritsi tija. Anesi avula magalasi. Andikalipira m'Chibemba, kenako m'Chizungu, kenako m'Chinyanja kuti ndimvetse bwino. Akuti mankhwala otere ena amangotupitsa munthu uku akumuwononga mkati, iye n'kumati wanenepa. Awataya m'bini. Andiyeza: 47. Akuti ndine wopepuka koma sindikudwala, thupi langa ndi lomweli, ndizidya bwino basi. Ndapempha kuti alembe zimenezo pa pepala, adindepo chidindo, ndikaonetse amalume. Aseka. Ine sindimaseka.

Sabata yathunthu ya vitumbuwa, ndachotsa kilo imodzi. Mtsikana wa ku ofesi akanandilipira.

Panjira ndawauza a Sakala zonse: chithunzi, chikwama, Veronika. Ndapepesa za thiraki, kawiri. Tayenda mpaka pa msika. Kenako afunsa ngati mawa wozengedwa mlandu ndi iwo. Ndati ee. Afunsa kuti bwanji sindinawauze Lolemba. Ndati ndimafuna kuwasungira ulemu. Andiyang'ana, ndipo ndamva ndekha mmene zamvekera.

Aliyense wachita zake. Iwo agula thumba la ufa, mpunga, mafuta, nsomba zouma, thireyi ya mazira, asanja pabalaza poonekera ngati shopu. Ine ndapita pa salaula, pa zovala za kaunjika, ndagula kabudula wamkati wa masiponji, wa m'chiuno ndi kumbuyo komwe.

Ndayesa. Kumbuyo ndine Bana Mwape, kutsogolo ndine ine. Ndawonjezera mapitikoti awiri, ndi juzi mkati mwa bulauzi. Mwezi wa Okutobala uno! A Sakala asuzumira kuchipinda, akuti ndivule zimenezo. Ndati mawa lokha.

"Mukuoneka ngati sofa."

Ndi mawu oyamba okoma kuchokera dzulo.

Lamulungu

Afika itangotha Misa yachiwiri: amayi, amalume, anti. Kutentha koti malata akulira. Ine mkati mwa masiponji, mapitikoti awiri, juzi, chitenje. Thukuta likutsika mpaka ku zidendene.

Ndagwada kupereka moni. Pogwadapo siponji ya kumanzere yatsetsereka, yakaima pamwamba pa bondo. Ndadzuka ndili ndi chiuno mbali imodzi, chotupa mbali inayo. Anti aona. Anti amaona chilichonse. Andiitana pafupi, atsina, zala zalowa osandipeza. Angoyang'ana amalume.

Mlandu. Ine pamphasa, iwo pamipando. Akambirana za mikono yanga, khosi langa, masaya anga, ndi zoti zaka ziwiri palibe mwana. Ine palibe wandifunsa kanthu. A Sakala atulutsa pepala la kukiliniki. Amalume aliwerenga atalitalikitsa, alibweza, akuti pepala ndi labwino, koma iwo pa ukwati sanapereke pepala, anapereka munthu. A Sakala aloza ufa ndi mazira. Anti akuti thumba silinatsegulidwe n'komwe, zagulidwa dzulo izi.

A Sakala asunthira kutsogolo pampando, ayang'ana amalume m'maso. Sindinawaonepo chonchi.

"Apongozi, ine ndinawakwatira ali chonchi. Ndinawakonda ali chonchi."

"Mlandu wake ndi womwewo," atero amalume. "Munamupeza ali chonchi. Inu mwawonjezerapo chiyani?"

Amalume ayamba kukamba za basi ya mawa ya ku Katete. Ndati nditsegule pakamwa, anti anditseka ndi diso.

Apo amayi, amene sanalankhule chifikireni, akuti mwana sapita kulikonse. Iwo akhala naye pompano, azimuphikira okha mpaka anenepe. Amalume ayesa kutsutsa. Amayi akuti mwana ndi wawo, ululu wake anaumva ndi iwo. Zathera pomwepo. Adya nkhuku, anti atenga zidutswa zitatu, iwo ndi amalume abwerera ku Kitwe.

Ndiye sindikupita. Koma zipinda ndi ziwiri. Ine ndi amayi kuchipinda, a Sakala pabalaza pakati pa ufa ndi mazira. Mpongozi ndi mkamwini khoma limodzi, anthu amene mwamwambo amapatukirana ngakhale panjira! A Sakala aimba kale ku ntchito kufunsa ngati kuli ulendo wa ku Solwezi.

Alendo atangopita ndalowa kuchipinda kukavula masiponji. Ndati amayi, mpaka ndinenepe ndiye kuti mpaka liti? Ine sindinenepa, mukudziwa bwino.

Amayi akumasula zovala zawo za pa ulendo. Chitenje. Chitenje china pansi pake. Siketi yokhuthala. Juzi. Nsalu yopindapinda yokulunga m'chiuno. Watsala munthu wochepa kwambiri atakhala m'mphepete mwa bedi, mikono ngati yanga, mafupa a pakhosi ngati anga. Ndawaona moyo wanga wonse, koma sindinawayang'anepo.

"Ine ananditenga katatu, abambo ako akugwira ntchito ku mgodi. Sindinawonjezere ngakhale kilo. Ulendo wachitatu ndinabwerera kwa munthu amene tinali titaiwalana. Iwe sakutenga."

Ndakhala pansi, siponji ili m'manja. Ndafunsa kuti nanga tizitani.

Akuti tizidyera pakhonde, poonekera, mbale zodzaza. Akuti siponjiyo ndisataye, ndingoisokerera m'mbali kuti isamatsike pogwada, andionetsa kasokedwe kake. Akuti anthu sachedwa, miyezi itatu kapena inayi amatopa, amapeza mkazi wina womuyang'ana.

Miyezi inayi.

Ndatenga bulangeti ndi pilo mmodzi, ndakawayalira a Sakala pabalaza.